Kodi kutchinga kokha kungamufikitse munthu patali pa basiketibolo? Nkhani ya Dikembe Mutombo

Funso lachokera kwa mphunzitsi wa sekondale amene amaphunzitsanso basiketibolo: "Ndili ndi mnyamata wa Fomu 3, wa zaka 16, wamtali mamita 1.96. Mikono ndi yaitali, koma kugoletsa kumamuvuta, ndipo pafupifupi gemu iliyonse amatulutsidwa ndi mafaulo asanu kota yachitatu isanathe. Anzake amamuseka, iye akufuna kusiya. Ndamva kuti Mutombo anatchuka ndi kutchinga basi. Kodi n'zoona? Anali ndani kwenikweni, nanga mwanayu ndimuphunzitse chiyani?"

Aphunzitsi, mwanayo musamulole kusiya. Kutalika muli nako kale, ndipo ndicho chinthu chokhacho pa masewerawa chimene kochi sangaphunzitse. Mafaulo asanuwo akuchokera pa zinthu ziwiri kapena zitatu zomwe zimakonzeka m'teremu imodzi. Za Mutombo mwamva zoona, koma theka lake. Anthu amakumbukira chala chake chomwe ankachigwedeza akamenya mpira, pomwe ntchito yeniyeni inali m'mapazi ndi m'kuleza mtima, mpira usanachoke m'manja mwa woponya.

Dikembe Mutombo Mpolondo Mukamba Jean-Jacques Wamutombo anabadwira ku Kinshasa pa 25 June 1966. Bambo ake anali mkulu wa sukulu. Basiketibolo anayamba kuyiikira mtima ali ndi zaka pafupifupi 16, msinkhu wa mwana wanuyo, bambo ake ndi mkulu wake ataona m'mene watalikira. Mu 1987 anapita ku yunivesite ya Georgetown mumzinda wa Washington ndi thandizo la maphunziro la USAID, cholinga chake chili cha udokotala. Chingerezi anali asanachidziwe bwino, moti chaka choyamba sanasewere m'timu ya sukulu. Kochi John Thompson ndi amene anamukokera ku bwalo. Thompson ameneyu pa unyamata wake anasewera ku Boston Celtics limodzi ndi Bill Russell, munthu amene ambiri amamutenga ngati gwero la luso lotchinga pansi pa ringi, ndipo zomwe Mutombo anaphunzira zinadutsira njira imeneyo. Ku Georgetown ankasewera ndi Alonzo Mourning, ndipo tsiku lina anabuloka (kuphula mpira woponyedwa ku ringi) mipira 12 pa gemu imodzi. Anamaliza mu 1991 ndi digiri ya zilankhulo ndi ukazembe.

Timu ya Denver Nuggets ya mu NBA, ligi yaikulu ya basiketibolo ku America, inamusankha pa nambala 4 posankha osewera atsopano mu 1991 ali ndi zaka 25, wamtali mamita 2.18. Onani bwino apa, chifukwa pakuyankha funso lanu loyamba: sizoni yake yoyamba ankagoletsa mapointi 16.6 ndi kutenga maribaundi (mipira yotoledwa wina akaphonya) 12.3 pa gemu. Sanali munthu wosatha kugoletsa. M'zaka zake zonse 18 za mu NBA, avereji yake inali mapointi 9.8, maribaundi 10.3 ndi mabuloko 2.8. Zigoli zambiri ankazipeza pafupi ndi ringi, ndi mpira wokoloweka ndi dzanja limodzi, ndi kubwezeramo mipira yomwe anzake aphonya. Zinali zochepa koma zokwanira kuti timu ina isamusiye yekha.

Dzina lake linamveka dziko lonse mu 1994. Seattle SuperSonics inali itapambana magemu 63 sizoni imeneyo, ili ndi Gary Payton ndi Shawn Kemp. Denver inapambana 42 okha, ndipo inalowa m'ndime yochotsana ili pa nambala 8, yomaliza. Seattle inatenga magemu awiri oyamba. Denver inabweza atatu otsatizana, yomaliza pa bwalo la Seattle lomwe, 98 kwa 94 pa nthawi yowonjezera. M'magemu asanuwo Mutombo anabuloka mipira 31, isanu ndi itatu mwa iyo pa gemu yomalizayo. Inali nthawi yoyamba timu ya nambala 8 kuchotsa ya nambala 1. Chithunzi chake atagona chagada pansi, mpira atautukula ndi manja onse, chimaonetsedwabe mpaka lero. Mukamaonera magemu amenewo pa YouTube ndi mnyamata wanu, musangowerenga mabuloko. Werengani kuti ndi kangati Kemp, munthu wodumpha moopsa, akulowa mkati n'kubweza mpira kunja kapena kuuponya mokhota chifukwa waona munthu atayima kale panjira. Zimenezo sizilembedwa pa pepala la gemu, koma n'zimene zinagwetsa Seattle.

Mu 1996 anapita ku Atlanta Hawks. Mphotho ya wotchinga wabwino koposa mu NBA anaitenga kanayi, mu 1995, 1997, 1998 ndi 2001, ndipo amene anafikako pa kanayi ndi Ben Wallace ndi Rudy Gobert okha. Anatsogola pa mabuloko masizoni atatu otsatizana, kufika 4.5 pa gemu mu 1995-96, kenako anatsogolanso pa maribaundi mu 2000 ndi 2001. Mu February 2001 Philadelphia 76ers ya Allen Iverson ndi kochi Larry Brown inamutenga. Pa gemu yachisanu ndi chiwiri yolimbana ndi Milwaukee anagoletsa 23, maribaundi 19, mabuloko 7, timu n'kulowa m'mafainolo. Kumeneko anakumana ndi Shaquille O'Neal wa Los Angeles Lakers, munthu womuposa kulemera ndi makilogalamu ngati 30. O'Neal ankagoletsa 33 pa gemu, ndipo Lakers inapambana 4 kwa 1. Mnyamata wanu aonerenso magemu amenewa. Wotchinga wabwino koposa wa chaka chimenecho anakankhidwa mpaka pansi pa ringi, ndipo munthu akakufikitsa pamenepo kutalika kwa mikono sikukupulumutsa.

Anadutsa ku New Jersey Nets ndi New York Knicks, n'kukathera ku Houston Rockets monga wolowa m'malo mwa Yao Ming. Mu 2007, ali ndi zaka 40, anatenga maribaundi 22 pa gemu imodzi. Bondo linamuthera mu April 2009 pa gemu ya ku Portland, ali ndi zaka 42. Anasiya ndi mabuloko 3,289, ndipo womuposa ndi Hakeem Olajuwon yekha, wobadwira ku Lagos, amene ali ndi 3,830. Awiri apamwamba onsewo ndi ana a Africa. Atlanta ndi Denver anapumitsa jezi yake ya nambala 55 kuti wina asadzaivalenso, ndipo analowa mu Hall of Fame, malo olemekezera akatswiri a masewerawa, mu 2015.

Udokotala uja sanauiwale. Mayi ake atamwalira, anamanga chipatala ku Kinshasa chotchedwa dzina lawo, Biamba Marie Mutombo, chomwe chinatsegulidwa mu 2007, iye ataikapo madola 15 miliyoni a m'thumba mwake. Anakhala kazembe wa NBA padziko lonse kuyambira 2009, ankabwera ku makampu a achinyamata a Basketball Without Borders, ndipo mphotho ya wotchinga wabwino mu Basketball Africa League imatchedwa dzina lake. Anamwalira ndi khansa ya mu ubongo pa 30 September 2024 ali ndi zaka 58.

Tsopano za mwana wanu. Musanayambe kumuphunzitsa kanthu, khalani ndi kope pa magemu atatu otsatira, mulembe faulo iliyonse mmene yachitikira: anadumpha msanga, anatsitsa mkono, anafika mochedwa n'kugunda ndi chiuno, kapena anakwera pamsana pa mnzake pofuna ribaundi. Kwa anyamata aatali ongoyamba, ambiri amagwera pa ziwiri zoyambazo.

Kudumpha msanga ndi matenda a mwana aliyense wamtali amene anawomberedwapo m'manja atabuloka. Woponya akangokweza mpira monamiza, iye wanyamuka. Ali m'mwamba sangatembenuke, ndiye woponya amangomudikira kuti amugwere, kapena amamulambalala. Lamulo lake likhale limodzi: amadumpha wachiwiri. Mapazi asachoke pansi kufikira mapazi a woponya atachoka. Ndi mamita 1.96 pa ligi ya masekondale, akaimika mikono ali chiimire amafika kale pa mamita 2.5 kapena kuposa, pomwe ringi ili pa 3.05. Wochedwa pang'ono kudumpha amaupezabe mpira, chifukwa ali ndi mtunda waufupi woti akwere kuposa mnzakeyo. Poyeserera, ikani woponya pafupi ndi ringi, mumulole kunamiza kawiri pa mpira uliwonse. Wotchinga akanyamuka pa bodza, woponya wapeza pointi ngakhale asanaponye. Chitani mipira khumi, katatu, tsiku lililonse loyeserera. Sabata yoyamba adzaluza kwambiri. Muuzeni aziyang'ana pamimba ndi mawondo a woponya, chifukwa maso, mapewa ndi mpira zimanama, koma munthu sadumpha mawondo asanawongoke.

Kutsitsa mkono ndiko kumabala mafaulo omwe ana amalumbira kuti sanamukhudze. Malamulo a FIBA, bungwe loyendetsa basiketibolo padziko lonse, omwe timasewera nawo kuno, amapatsa wosewera aliyense malo ake kuyambira pansi pomwe wayima mpaka m'mwamba. Wotchinga amene wafika pamalo poyamba, atayang'ana mdani, akhoza kudumpha molunjika mikono ili chiimire, ndipo woponya akamugunda pachifuwa si mlandu wa wotchinga. Ufulu umenewu umatha pomwe mkono wayamba kupendekera kutsogolo kapena kugwa ngati akutema nkhuni. Woimbira saona zala, amaona mkono ukutsika, wezulo n'kulira. Kuti chizolowezichi chife, mpatseni mpira wina augwire ndi manja awiri pamwamba pa mutu, anzake azilowa mmodzimmodzi, iye azidumpha nawo mpirawo osautsitsa. Sangabuloke, koma adzadabwa kuona mipira yambiri ikuphonya chifukwa cha khoma lokhalo. Akazolowera, muchotseni mpirawo, mumulole kukhudza ndi dzanja lokha, kuchokera pa mfundo ya dzanja kupita ku zala, chigongono chili chowongoka.

Nkhani ya dzanja ambiri saiphunzitsa. Woponya wa dzanja lamanja akayang'anizana nawe, mpira uli mbali yako yakumanzere. Ukaufuna ndi dzanja lamanja, mkono umadutsa pankhope pake ndipo thupi limatembenuka n'kumugunda. Dzanja lamanzere limapita molunjika. Popeza oponya ambiri ndi a manja, mwana wanu aphunzire kubuloka ndi lamanzere. Aime pansi pa bolodi, azikhudza ndi lamanzere kakhumi, ndi lamanja kakhumi, akutera ndi mapazi onse awiri.

Mpira wobulokedwa upite kuti? Kuumenya mwamphamvu n'kuutulutsa kunja kumasangalatsa oonerera, koma mpira umabwerera kwa eni ake. Russell ankadziwika ndi kuukhudza pang'ono kuti ugwere mnzake, timu n'kuyamba kuthamanga. Muzimupatsa mapointi awiri poyeserera mpira ukatsala m'bwalo timu yake n'kuutenga, ndi imodzi yokha ukatuluka. Adziwenso malire: mpira woponyedwa ukayamba kutsika uli pamwamba pa ringi, kapena ukagunda kale bolodi uli pamwamba pa ringi, saukhudza, apo ayi chigoli chimawerengedwa. Koma pa malamulo a FIBA mpira ukangogunda ringi, aliyense akhoza kuuphula, zomwe ku NBA n'zoletsedwa. Ana oonera NBA yokha sadziwa zimenezi ndipo amangouyang'ana mpira ukuvina pa ringi.

Chachikulu kuposa zonsezi ndi pamene wayima. Mafaulo a kufika mochedwa amabwera chifukwa mwana amamatirira munthu wake, msana ataulozetsa ku mpira, ndiye mnzake akadutsidwa iye amauona mochedwa n'kuthamangira. Mpira ukakhala mbali ina ya bwalo, iye asunthe mpaka phazi limodzi lilowe mu kiyi (bokosi lojambulidwa pansi kutsogolo kwa ringi), ayime mopendeka kuti aone mpira ndi munthu wake nthawi imodzi osatembenuza mutu, dzanja limodzi likuloza mpira, lina munthu. Mpira ukaponyedwa kwa wina, asunthe uli m'mwamba, asadikire ufike. Wolowa mkati akumane naye kunja kwa kamzere kozungulira kamene kali pansi pa ringi, ka pafupifupi mita imodzi ndi kota. M'kati mwa kamzereko woimbira sapereka faulo kwa wolowa amene wadumpha n'kukugunda, ndiponso pamenepo mpira umakhala utafika kale pa bolodi. Masitepe awiri aafupi otengedwa msanga amaposa kudumpha kumodzi kwakukulu kochedwa. Mutombo wa zaka 40 sankadumphanso ngati kale, koma ankatchingabe chifukwa ankafika poyamba.

Pano pali msampha. Ku NBA kuyambira 2001 wotchinga saloledwa kukhala mu kiyi masekondi opitirira atatu ngati sakulondera munthu. FIBA ilibe lamulo limeneli, choncho n'zosavuta kumuimika mwana wamtali pakati pa zoni ya 2-3 (kulondera malo osati munthu, awiri kutsogolo, atatu kumbuyo) ngati mtengo, timu n'kumapambana. Mukatero mwamupha. Sadzaphunzira kusuntha mapazi, ndipo tsiku lomwe adzakumane ndi wamtali mnzake woponya kuchokera kutali adzasowa pogwira. Theka la nthawi yoyeserera azilondera munthu mmodzi, ndipo kawiri pa sabata mumuike pa wosewera wamfupi wothamanga kunja kwa mzere wa mapointi atatu, aphunzire kutsetsereka cham'mbali osapingasa miyendo. Masewera asintha kuchokera nthawi ya Mutombo. Lero wamtali amakokeredwa kunja ndi sikirini (mdani kuima panjira ya wotchinga kuti mnzake wampira adutse) pafupifupi mpira uliwonse. Poyambira, sikirini ikabwera iye atsalire masitepe awiri kumbuyo kwake, wampira akhale kutsogolo kwake, koma woika sikiriniyo asamudutse kumbuyo, mpaka mnzake atabwerera pa munthu wake. Ndipo azifuula. Iye ndi amene amaona bwalo lonse ali kumbuyo, ndiye "sikirini kumanzere!" kapena "ndilipo, mukakamize!" zizichokera kwa iye. Mwana wamanyazi amene anzake amamuseka amasintha akapatsidwa udindo wolamula anzakewo.

Za O'Neal zija zikutiphunzitsa kulondera munthu wolemera. Nkhondo yake imachitika mpira usanafike. Mwana wanu akumane naye msanga, pafupi ndi mzere woponyera mafaulo, amutsekere njira ndi chifuwa kuti asakhazikike pomwe akufuna. Akakhazikika, ayime cham'mbali mwake, mbali yomwe kuli mpira, mkono umodzi uli kutsogolo kutsekereza pasi. Mpira ukafika, abwerere kumbuyo kwake, mawondo opinda, chiuno chotsika kuposa cha mdaniyo. Wamtali woima njo amakankhika ngati chitseko. Manja awiri pamsana pa mdani ndi faulo, bondo pakati pa miyendo yake ndi faulo. Sitepe imodzi yokha yomukankhira kutali ndi ringi imasandutsa chigoli chophweka kukhala chovuta.

Kutchinga kumatha timu ikatenga mpira. Wobuloka aliyense amasiya munthu wake akapita kukathandiza, ndiye akadumphira mpira womwe sakanaufika, munthu wakeyo amatola ribaundi popanda womuletsa. Aphunzire kusankha, ndipo mnzake wa mbali yopanda mpira aphunzire kutsika kudzatseka munthu wosiyidwayo. Pa ribaundi, ayambe wapeza munthu, amutsekere ndi msana, kenako mpira. Augwire ndi manja awiri, aubweretse pansi pa chibwano, atembenukire kunja, aupereke. Apa pokha Mutombo asamutengere. Zigongono zake zinavulaza osewera ambiri, ndipo masiku ano kuzunguza zigongono kumabweretsa chilango ngakhale usanakhudze munthu.

Pa gemu, mpatseni malire omveka. FIBA imatulutsa pa mafaulo asanu m'mphindi 40, NBA pa asanu ndi limodzi m'mphindi 48. Cholinga chikhale kufika pa hafu ndi awiri kapena kuchepera. Akapeza lachiwiri msanga, musamangomukhazika pansi nthawi zonse. Nthawi zina mumusiye asewere ndi lamulo loti manja m'mwamba basi, chifukwa kusewera uli ndi mafaulo nakonso kumaphunziridwa. Faulo la pakati pa bwalo, lofuna kulanda mpira kwa wamfupi, likhale loletsedwa kwa iye.

Kugoletsa musakutaye. Akufunika zinthu zitatu zokha pakadali pano: kumaliza ndi dzanja lililonse pansi pa ringi, mpira wokoloweka wa sitepe imodzi, ndi kuponya mafaulo, mipira yaulere imene munthu amapatsidwa akachitidwa faulo. Ayime pansi pa ringi aziponya mosinthanitsa, lamanja mbali yamanja, lamanzere mbali yamanzere, mpira osautsitsa kupyola pachifuwa, mpaka zilowe 20, katatu. Mafaulo aponye 50 tsiku lililonse, muzilemba zolowa. Mutombo ankalowetsa pafupifupi awiri pa atatu alionse, ndipo n'chifukwa chake makochi ankatha kumusiya m'bwalo gemu ikamatha.

Samalani mawondo ake. Mabwalo athu ambiri ndi a simenti, ndipo mwana wa zaka 16 wotalika chonchi mwina akukulabe. Zoyeserera zodumpha zisapitirire masiku atatu pa sabata, ndipo azitera pa zala mawondo atapinda, osagwera m'kati. Akamadandaula ululu pansi pa chivundikiro cha bondo kapena pa kafupa kotukuka m'munsi mwake, chepetsani kudumpha, ndipo ukapitirira milungu iwiri kapena bondo likatupa apite kuchipatala. Nsapato yothera pansi pa simenti yafumbi imachititsanso mafaulo, chifukwa mwana amalephera kuima n'kutsetserekera mwa mnzake. Sesani bwalo musanayambe.

Za kusekedwa, gwiritsani ntchito kope lija. Wina pa benchi azilemba mipira yonse yomwe adani aponya pafupi ndi ringi iye alipo, zingati zalowa, zingati zaphonya, ndi kangati wolowa wabwerera osaponya. Muziwerenga manambala amenewa pamaso pa timu yonse gemu ikatha, musanatchule ogoletsa.

Chala chija adzafuna kuchigwedeza tsiku lomwe adzabuloke bwino, muuziretu. Ngakhale Mutombo oimbira anayamba kumulanga nacho, mpaka anasintha n'kumachilozetsa kwa oonerera. Pa malamulo a FIBA kunyoza mdani ndi faulo ya khalidwe loipa yotchedwa tekiniko, imapereka mpira waulere umodzi kwa adani, imawerengedwa pa mafaulo ake asanu aja, ndipo ziwiri zimamutulutsa m'gemu.